MGB ya 1966 ili m'makatoni: ndipake utoto tsopano kapena ndibwerere ku mitanda ya pansi pa zitseko?

Wophunzira Ntchito analemba kuti:

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, ndakupatsani moni. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha kuti mundilezere mtima chifukwa ndifotokoza motalikirako.

Malume anga, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo, anandisiyira galimoto ya MGB ya 1966, ya denga lansalu, osati GT ija ya denga lachitsulo. Iwo anaiphwasula yonse akadali ndi mphamvu n'cholinga choti aimangenso, koma matenda anawapeza ntchito ili pakati. Chimene ndalandira ine ndi thupi la galimoto lopanda kanthu, injini ya 1798 cc imene anaikonza kale n'kuifunditsa nsalu, giyabokosi, ekiselo yam'mbuyo, matayala a masipoko, ndi makatoni ambiri a tizitsulo. Makatoni ena anawalemba bwinobwino ndi dzanja lawo, moti ndikaona zilembozo ndimakhala ngati ndikumva mawu awo, koma ena alibe chizindikiro chilichonse.

Vuto langa lili pa chitseko cha kumanja. Malume anasintha mtanda wa pansi pa chitsekocho, umene amisiri amautcha sill, ndipo kunja kwake ukuoneka wosalala ndi wolimba. Koma nditamangirira chitseko kuti ndione mmene chikukhalira, ndapeza kuti mpata wa kumbuyo kwake si wofanana: pamwamba ndi mamilimita 2 okha, pamene pansi ndi mamilimita 7. Potseka chimakhula pamwambapo, ndipo ndimachita kuchinyamula pang'ono kuti chilowe. Cha kumanzere, kumene sanawotcherereko, chimatseka bwino ngakhale kuti mtanda wake uli ndi timatuza ta dzimbiri.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndingopala m'mphepete mwa chitseko, ndithire zomatira pamene pali mpata waukulu, ndipake utoto, ntchito ipite patsogolo. Mtima wanga ukukana, koma sindikufunanso kudula ntchito imene malume anaigwira ndi manja awo popanda chifukwa chomveka. Kodi mpata umenewu ukundiuza chiyani? Ndipo nkhani ya thupi ikatha, kodi pomanganso galimotoyi ndiyambe ndi chiyani kuti ndisamamasule zimene ndamanga kale?

Wowotcherera Wakale anayankha kuti:

Achimwene, pepani ndi maliro a malume anu, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule utoto. Musapale chitsekocho. Chitseko chilibe mlandu, chikungokuonetsani zimene zikuchitika m'thupi la galimoto.

MGB inalowa m'malo mwa galimoto yakale ya MGA mu 1962, ndipo ziwirizi n'zosiyana. MGA inali ndi chesisi chapadera chimene thupi limangokhalapo, koma MGB ilibe chesisi choterocho, thupi lenilenilo ndilo limasenza katundu yense. Pa galimoto ya denga lansalu palibe chitsulo chapamwamba cholumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, choncho ntchito imeneyi yatsalira mitanda iwiri ya m'mbali ndi ngalande yapakati imene giyabokosi imakhalamo. Mtanda ukafooka, kapena ukawotchereredwa thupi litalendewera, galimoto imapindika pakati, ndipo chizindikiro choyamba ndi chimene mwachionacho, mpata kupanikizika pamwamba n'kutseguka pansi.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mtanda wa MGB si chitsulo chimodzi. Pali chakunja chimene maso amaona, pali chitsulo chopyapyala choimirira pakati chimene chimagawa bokosilo pawiri, pali cham'kati cha kumbali ya mpando, ndiye pansi pali china chokhala ngati ngalande chimene chimatchedwa castle rail. Mphamvu yeniyeni ili mwa chapakati chija ndi chapansicho. Komanso mtandawu ndi wautali kuposa mmene umaonekera, chifukwa umalowa kuseri kwa madigadi yakutsogolo ndi kuseri kwa mbali ya m'munsi ya madigadi yam'mbuyo. Kuti munthu ausinthe moyenera ayenera kumasula madigadi yakutsogolo, imene imamangidwa ndi mabawuti, ndi kudula kachigawo ka m'munsi ka yam'mbuyo. Ndakumanapo ndi magalimoto angapo amene wina anangovindikira chitsulo chatsopano pamwamba pa chowola. Pa ina mwa iwo nditadula kabowo n'kulowetsa dzanja, ndinatulutsa dzimbiri lodzaza chikhatho, lofumbutuka ngati makungwa ouma, ndipo chitsulo chapakati chija chinali chitatha kuyambira pansi mpaka theka.

Sindikunena kuti malume anu anachita zimenezo. Mwina anasintha zonse bwinobwino, koma anadula thupi asanalichirikize. Kuti mudziwe zoona, chitani zinthu izi motsatana. Yambani ndi mahinjesi: tsegulani chitseko pang'ono, muchigwire kumapeto n'kuchinyamula, ndipo ngati chikugwedera pa mahinjesi, vuto lina lili pamenepo ndipo ndi losavuta. Ngati mahinjesi ali olimba, ikani jeke pakati pa mtandawo, thabwa lili pakati pa jeke ndi chitsulo, mukweze pang'onopang'ono wina akuyang'ana mpatawo. Mpata ukayamba kutseguka pamwamba pamene mukukweza, ndiye kuti mtandawo ndi wofooka m'kati. Ukapanda kusintha ngakhale pang'ono, ndiye kuti ndi wolimba koma anauwotcherera thupi litapindika kale. Pomaliza masulani madigadi yakutsogolo muone kumene mtanda ukuthera, pamenepo sipabisika kanthu.

Mukapeza kuti m'pofunika kudula, musadule thupi lili lendelende. Liikeni pamalo osalala, mulichirikize mpaka mpata wa chitseko ufanane kuchokera pamwamba kufika pansi, kenako muwotcherere chitsulo chopingasa m'kati mwa khomo kuti mbali ziwirizo zisasunthe. Chitseko chikhale chomangirira nthawi yonse ya ntchitoyi, ndipo muzichitseka mobwerezabwereza musanamalize kuwotcherera paliponse, chifukwa ndicho muyeso wanu. Malizani mbali imodzi musanakhudze inayo. Ndipo timatuza ta kumanzere tija musatipeputse, popeza dzimbiri la mtanda limayambira m'kati, likamaonekera kunja ndiye kuti lagwira kale ntchito yaikulu.

Mwini GT Yobiriwira anayankha kuti:

Zimene a Wowotcherera Wakale anena ndi zoona, koma pali njira ina imene iyenera kutchulidwa. Kuyambira mu 1988, kampani ya British Motor Heritage imapanga matupi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zomwe zija zimene ankapangira matupi akale. Ngati mutapeza kuti mitanda yonse iwiri, pansi popondapo, ndi pamene masipuling'i am'mbuyo amamangirira zonse zawola, ganizirani zosamutsira zonse m'thupi latsopano m'malo mowotcherera kwa zaka ziwiri. Ine ndinawotcherera yanga ndekha, ndipo ndikanadziwa kukula kwa ntchitoyo pachiyambi, mwina ndikanasankha njira imeneyi.

Wowotcherera Wakale anayankhanso kuti:

Bambo, njira imeneyo ilipodi, ndipo ndi yabwino kwa galimoto imene yatheratu. Koma pa zimene achimwenewa afotokoza sindikuona thupi lotheratu, ndikuona mtanda umodzi wokayikitsa ndi wina wodikira nthawi yake. Thupi limeneli linatuluka m'fakitale ya ku Abingdon, ku England, mu 1966, ndipo ndi lomweli limene malume awo analigwira. Ine sindingalitaye chifukwa cha mitanda iwiri.

Mayi Makaniko anayankha kuti:

Ine ndiyankha funso lachiwiri, la ndondomeko, koma ndiyambe ndi kugwirizana ndi anzangawa kuti utoto udikire. Ngakhale mitanda itakonzedwa, mangirirani kaye zonse zakunja thupi likadali ndi utoto woyamba: zitseko, madigadi, boneti, chivindikiro cha buti, mabampala, nyali, chimango cha galasi lakutsogolo, ngakhalenso timizere tonyezimira ta m'mbali. Chitseko muzichilinganiza ndi madigadi yam'mbuyo ndi mtanda, chifukwa zimenezo sizisuntha, kenako madigadi yakutsogolo ndiyo muilinganize ndi chitseko. Mzere wa m'mbali uja uyenera kuyenda wowongoka kuchokera ku nyali yakutsogolo mpaka kumbuyo. Bowo lililonse lofunika kuboola libooledwe panthawi imeneyi, pakuti kuboola pa utoto watsopano n'kutsegulira dzimbiri khomo. Boneti ya galimoto ya chaka chimenecho iyenera kukhala ya aluminiyamu ngati sinasinthidwe, choncho muziigwira awiri ndipo musaitsamire, imapindika msanga. Utoto ukauma, popererani phula loteteza dzimbiri m'kati mwa mitanda ndi m'zitseko, ndipo muonetsetse kuti timabowo totulutsira madzi pansi pa mitanda sitinatsekeke.

Pomanganso, lamulo limene ine ndimatsata ndi lakuti chimene chidzabisika chilowe poyamba. Thupi likadali lopanda kanthu, yalani mapaipi a mabuleki ndi a petulo pamodzi ndi mtolo wa mawaya wopita kumbuyo, chifukwa zonsezi zimadutsa kunsi ndipo ekiselo ikalowa manja sakwananso. Mapaipi a mabuleki akhale atsopano, akale aja angokuthandizani kuona mapindidwe ake. Kenako bokosi la hita, limene limavuta kulowetsa ngakhale pamalo popanda chopinga, ndiye mota ya mawaipa, mapedulo ndi masilinda ake. Chimango cha galasi lakutsogolo chilowe dashibodi isanalowe, popeza mabawuti a miyendo yake ali kuseri kwa dashibodiyo. Mphira watsopano wa pansi pa chimangocho ndi wouma khosi, ndipo mudzafunika munthu wina wokanikiza pamwamba inu mukulowetsa mabawuti. Ine ndinalimbana nawo masana onse, mpaka nditausiya padzuwa kuti ufewe ndi pamene mabowo anakumana.

Pa za miyendo ya galimoto pali zinthu zitatu zimene sindifuna kuti muziphonye. Choyamba, masipuling'i akutsogolo nthawi zambiri amapanikizidwa ndi jeke yoikidwa pansi pa mbale yake, koma njira imeneyi imadalira kulemera kwa injini. Popanda injini, jeke imangonyamula galimoto yonse sipuling'i isanapanikizike, ndipo sipuling'i yothawa ikhoza kuthyola munthu dzanja kapena nsagwada, choncho gwiritsani ntchito chida chopanikizira chopangidwira ntchitoyo. Chachiwiri, mabawuti onse odutsa m'timphira ta m'mfundo musawamange kotheratu galimoto ili m'malere. Dikirani mpaka itaima pa matayala ake, injini ili m'kati, apo ayi timphirato tidzakhala topotoka nthawi zonse ndipo tidzang'ambika msanga. Chachitatu ndi cha matayala a masipoko: mahabu, zitsulo zimene matayala amamangirirapo, a kumanja ndi a kumanzere si ofanana. A kumanja ali ndi mazinga okhotera kumanzere, a kumanzere ali ndi mazinga a masiku onse, ndipo anawapanga choncho kuti nati yaikulu yapakati izidzimanga yokha galimoto ikamapita kutsogolo. Mukawasinthanitsa, natiyo idzamasuka muli pa liwiro.

Injini ndi giyabokosi zilumikizeni pansi n'kuzilowetsa pamodzi, kumbuyo kwa galimoto kutakwezedwa pang'ono ndiponso mchira wa giyabokosi utaloza pansi. Pa MGB giyabokosi siituluka yokha injini ili m'malo, ndiye chilichonse cha kilatchi chimene mukuchikayikira, makamaka kamphete ka kaboni kamene kamakankha kilatchiyo, chisintheni zisanalowe. Za m'makatoni osalembedwa aja, dziwani kuti mabawuti ambiri a galimotoyi ndi a muyeso wa mainchi, a mtundu wa mazinga wotchedwa UNF, ndipo masipanala amene muziwagwira kawirikawiri ndi 7/16, 1/2 ndi 9/16. Nati ya mamilimita imayamba kulowa ngati ikukwana, kenako imadya mazinga, choncho nati ikalimba itangozungulira kawiri, musaikakamize.

Wokonda Zamagetsi anayankha kuti:

Achimwene, ndiwonjezereko za magetsi, chifukwa pa galimoto ya chaka chimenechi pali msampha umene wawotcha zipangizo za anthu ambiri. MGB zopangidwa kumapeto kwa 1967 kusanafike zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6 olumikizana, okhala kuseri kwa mipando, ndipo waya wopita ku thupi la galimoto unali wa ku mbali ya +, mosiyana ndi magalimoto a masiku ano. Zinalinso ndi dayinamo yotchajira mabatire, osati alternator imene imagwira ntchitoyi m'magalimoto a masiku ano. Musanalumikize batire iliyonse, fufuzani ngati malume anu anasintha zimenezi kapena anazisiya mmene zinalili. Kusintha n'kotheka ndipo ambiri amatero, koma sikuthera pa kutembenuza mabatire. Dayinamo imafuna kuiyambitsanso maginito ake kuti agwirizane ndi mbali yatsopanoyo, mawaya awiri a koyilo amasinthana malo, geji yowerenga liwiro la injini imafuna kusinthidwa m'kati mwake, ndipo pampu ya petulo iyenera kuonedwa ngati ili yosankha mbali. Sankhani chimodzi tsopano, ndipo mulembe chimene mwasankhacho pafupi ndi mabatire kuti wina asadzalakwitse m'tsogolo.

Mtolo wa mawaya ukakhala woumirira, woti mukaupinda chikopa chake chikusweka, ugulidwe watsopano. Ubwino wake ndi wakuti mitundu ya mawaya a Lucas, kampani imene inkapanga zamagetsi za galimotoyi, inali ndi dongosolo lomveka, moti mukaidziwa mukhoza kuwerenga galimoto yonse ngati kalata. Wabulawuni umachokera ku batire, uli ndi moto nthawi zonse ndipo sudutsa pa fyuzi. Woyera umakhala ndi moto makiyi akatembenuzidwa, nawonso wopanda fyuzi. Wobiriwira ndi moto wa makiyi womwewo utadutsa pa fyuzi, ndipo wapepo ndi moto wa batire utadutsa pa fyuzi. Wofiira ndi wa nyali zazing'ono, wabuluu ndi wa nyali zazikulu, ndipo wakuda ndi wopita ku thupi. Waya wokhala ndi kamzere ka mtundu wina ndi nthambi ya banja lomwelo. Mwachitsanzo, wobiriwira wa kamzere kofiira ndi wa indiketa ya kumanzere, wa kamzere koyera ndi wa ya kumanja.

Popeza bokosi la mafyuzi la galimoto imeneyi lili ndi mafyuzi awiri okha, mawaya ambiri alibe chitetezo, ndipo wabulawuni ukakhudza chitsulo umayaka mpaka batire ithe. Pa chifukwa chimenechi, tsiku loyamba kulowetsa moto musalumikize batire mwachindunji. Ikani babu la nyali yaikulu pakati pa batire ndi waya wake. Ngati zonse zili zozimitsa koma babulo likuwala kwambiri, pali waya umene ukugunda chitsulo, ndipo mwaudziwa popanda utsi. Chinanso n'chakuti thupi lopakidwa kumene limavutitsa mawaya akuda, chifukwa utoto sudutsa moto. Paliponse pamene waya wakuda ukumangirira, palani kachigawo kakang'ono mpaka chitsulo chiwale, mumange, kenako mupakepo girizi pamwamba.

Wophunzira Ntchito anabweranso nati:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Dzulo ndachita zimene a Wowotcherera Wakale analangiza. Mahinjesi ndi olimba. Nditaika jeke pakati pa mtanda n'kukweza, mpatawo sunasinthe ngakhale pang'ono, galimoto inangonyamuka mbali yonseyo. Kenako ndinamasula madigadi yakutsogolo n'kuunika ndi tochi, ndipo ndaona kuti malume anasintha zitsulo zonse, chapakati chija ndi chapansi chomwe, ndipo zowotcherera zawo ndi zaudongo, zotalikirana mofanana ngati msoko wa telala waluso. Zikuoneka kuti chimene chinasowa ndi kuchirikiza kokha. Ndaganiza zosunga thupi lomweli. Funso langa tsopano ndi lakuti, kodi ndiyenera kuchotsa mtanda wonsewo, kapena pali njira yowongolera thupi popanda kutaya zitsulo zimene iwo anaika? Ndaonanso kuti dayinamo ilipo ndipo mabatire ndi awiri, choncho mwina magetsi ali mmene analili kufakitale. Za injini, popeza yakhala zaka zoposa zitatu osalizidwa chikonzereni, kodi pali chimene ndiyenera kuchita tsiku lake lisanafike?

Wowotcherera Wakale anayankha kuti:

Imeneyi ndi nkhani yabwino. Nthawi zambiri sipafunika kutaya mtanda wonse. Chimene ine ndingachite ndi kuboola timadontho towotcherera ta kumapeto kwa kumbuyo, pamene mtanda ukulumikizana ndi nsanamira ya chitseko, ndi madigadi yam'mbuyo, ndi pansi popondapo, mpaka mbali imeneyo imasuke. Mukatero chirikizani thupi pakati, mulole kumbuyo kutsike pang'onopang'ono, chitseko chili chotseka, kufikira mpata utafanana ndi wa kumanzere. Pamenepo ikani chopingasa chija, mugwirize ndi timadontho tochepa, mutsitse galimoto, muyesenso chitseko, ndipo mukakhutira ndi pamene muwotcherere kotheratu, mukudumphadumpha malo kuti kutentha kusakoke chitsulo. Ngati simunawotchererepo chitsulo chopyapyala, ntchito imeneyi muigwire pamodzi ndi munthu amene anaigwirapo.

Mayi Makaniko anayankhanso kuti:

Za injini, yambani lero lomwe osadikira tsiku loiliza. Chotsani mapulagi, muthire oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, mudikire masiku angapo, kenako muizungulitse ndi sipanala pa nati yakutsogolo kuti mumve ngati ikuyenda mosakakamira. Onani mpata wa mavalavu injini ili yozizira, ukhale 0.015 ya inchi. Mawaya a mapulagi amatsata dongosolo la masilinda la 1-3-4-2, ndipo kadzanja ka m'kati mwa distributor, chida chogawira moto ku mapulagi, kamazungulira mobwerera, mosiyana ndi mivi ya wotchi. Makabuleta ake awiri, a mtundu wa SU, amafuna oyilo m'timitsuko ta pamwamba pake, ndipo pisitoni ya m'kati mwa iliyonse mukaikweza ndi chala n'kuisiya iyenera kutsika yokha mpaka imveke kugunda pansi.

Tsiku loiliza likafika, muizungulitse kaye ndi sitata mapulagi ali kunja mpaka muvi wa geji ya oyilo utanyamuka, ndipo ngati sukunyamuka musapitirire. Ngati malume anaikamo camshaft yatsopano, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu, ndi zotsatira zake, injini ikangolira musaisiye pa liwiro lotsika. Igwireni pa 2000 pa geji ya liwiro la injini kwa mphindi 20, wina akuyang'ana geji ya oyilo ndi ya kutentha, winanso akusuzumira kunsi ngati pali chodontha. Fufuzaninso m'mapepala awo ngati anaikitsa mipando yolimba ya mavalavu otulutsa utsi, chifukwa mutu wa injini imeneyi unapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, osati wa masiku ano wopanda mtovu. Ikazizira pambuyo pa kuliza koyambako, mangitsaninso manati a mutu motsata dongosolo la m'buku la galimotoyo, kenako muyesenso mpata wa mavalavu, popeza umasintha mutu ukakhazikika.